Bambo a Chipinda cha Kuseri

Nyumba ya ku Mayville, kuno ku Durban, tinaigula ili ndi munthu. Kuseri kwa nyumba yaikulu kunali kachipinda kamodzi kokhala ndi chitseko chakechake ndi mpopi panja, ndipo m'menemo munkakhala bambo ena achizulu, aimvi, oyenda motsimphina. Mayi amene anatigulitsa nyumbayo anati, "Amenewo ndi alongo anga, atuluka mwezi ukatha, musadandaule." Atalandira zake anasamukira ku Johannesburg, foni yake n'kusiya kupezeka. Mwezi unatha, wina n'kuthanso, bambo aja ali phee, akuyanika masokosi awo pa waya wanga.

Amuna anga ankayendetsa malole otenga makontena ku doko, ndipo sabata yathunthu inkatha ali pamsewu. Ine ndinkaoda mabulangete, nsapato ndi makatani m'tauni n'kumatumiza pa basi kwa mng'ono wanga ku Limbe. Anthu akandifunsa chimene ndinkafunira chipinda cha kuseri ndinkati ndikufuna posungira katundu, ndipo sikunali kunama, chifukwa pabalaza panalibe ngakhale poponda. Koma chenicheni chinali china. Tinali titachita lendi mu Durban muno mpaka kutopa, kusamuka uku ndi uku, kugawana bafa ndi anthu osawadziwa. Ndinkafuna tsiku lina nditseke geti, ndidziwe kuti aliyense amene ali m'kati mwa mpanda ndi wanga.

Ndinapita kukawafunsa mwaulemu kuti atuluka liti. Anandiyankha mwaulemu woposa wanga, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Anati nyumbayo inali ya malemu amayi awo, amene anali anamwino pa kiliniki ya m'deralo, ndipo mchemwali wawo anaigulitsa osawauza. Iwo anakhala m'kachipindamo kuyambira pamene anavulala mwendo ku ntchito ya ku doko. Kopita analibe. Ine ndinati zimenezo n'za kubanja kwawo, ife mapepala tili nawo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti akumvetsa, koma sakutuluka.

Kukanakhala kwathu, nkhani ikanatha tsiku lomwelo. Landilodi wa ku Ndirande akafuna kuti uchoke amangobwera ndi hamala n'kuzula chitseko, iwe wekha umayamba kumanga katundu. Kuno sizitero. Tinapeza loya, mtsikana wachimwenye wolankhula mothamanga, ndipo tinayenda kukhoti mpaka nsapato zinadziwa njira. Pomaliza majisitireti anagamula kuti nyumba ndi yathu, bambo aja apatsidwe nthawi yofunafuna kwina, ndipo akapanda kuchoka, asherifu adzabwere kudzawatulutsa. Anatchula ndi tsiku lomwe, Lachisanu.

Chimwemwe changa sichidziwa kukhala m'nyumba. Lamulungu lotsatira ndinaimirira kutchalitchi kwathu, kumene Amalawi timasonkhana mu holo ya sukulu, n'kuperekera umboni kuti Mulungu wandigonjetsera mdani. Anthu anaomba m'manja, wina analuluta. Ndinaitana amayi a kumpingo kuti Loweruka lotsatana ndi Lachisanu lija abwere adzapempherere chipindacho ndisanalowetsemo katundu. Ndinagula penti yoyera, mabulashi ndi loko watsopano.

Kutatsala tsiku limodzi, loya anaimba. Tinkalankhula Chingerezi, iye chake chothamanga, ine changa chokwawa.

"Mama, bambo aja apeza maloya othandiza anthu osauka. Achita apilu."

"Achite," ndinatero. "Azichita apiluyo ali kunja."

"Ayi, Mama. Apilu ikalowa, chigamulo chimayamba chaima kaye. Asherifu mawa sabwera."

"Nanga tapambana kapena sitinapambane?"

"Mwapambana. Koma kupambanako kudikire mpaka khoti lalikulu lione ngati majisitireti sanalakwitse."

Ndinamufunsa kuti ndi chilungamo cha mtundu wanji chimenechi, chopatsa munthu ndi dzanja ili n'kulanda ndi linali. Anandifotokozera modekha kuti akawatulutsa mawa, katundu wawo n'kumwazikana mumsewu, ndiye khoti lalikulu lidzanene kuti anali ndi ufulu wokhala, adzawabwezera ndani zimene zawonongeka? Ndinati zimenezo si zanga. Kenaka anandichenjeza kuti ndisayerekeze kuwatsekera madzi, kuwadulira magetsi kapena kukhudza chitseko chawo, apo ayi wolakwa ndidzakhala ine. Nditafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, anati miyezi, mwina kuposa.

Mawu akuti apilu ndi chiletso ndinkawamva pa wailesi kwathu, koma ndinkayesa n'za andale, anthu amene amagona ku khoti ngati kwawo. Kumene ndinakulira, mlandu ukagamulidwa wagamulidwa, woluza amaweramitsa mutu, anthu n'kubalalika. Sindinkadziwa kuti chigamulo akhoza kuchigoneka pansi, chilipo ndithu, chosindikizidwa ndi chidindo, koma osagwira ntchito.

Amayi a kumpingo sindinawaimbire kuti asabwere. Ndinagwira foni kangapo, koma ndinkangoibwezera pansi. Ndikanayamba bwanji, ine amene ndinavina kutsogolo kwa mpingo wonse? Loweruka anafika atavala zitenje zofanana, atatsogozana ndi amayi abusa, akuimba chapansipansi kuti aneba asamve chilankhulo. Anangolunjika kuseri. Anapeza chitseko chili chotsegula, wailesi ikulira, bambo aja atakhala pa kireti, mwendo wodwala uja atauviika m'beseni la madzi ofunda.

Bambo aja anatulutsa mwendo m'madzi, anavula chipewa, anapereka moni kwa aliyense. Kenaka analowa m'kati n'kutulutsa mipando yawo iwiri, yokhayo imene anali nayo, n'kuipukuta ndi dzanja la malaya. Amayi abusa anakhala pa umodzi. Anandiyang'ana, anayang'ana bambo aja, n'kundifunsa m'Chichewa, mokweza ndithu:

"Asisi, kodi mdani uja ndi ameneyu?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinayesa kufotokoza za apilu, koma m'kamwa mwanga zinkamveka ngati bodza la mwana amene walephera mayeso. Poti anthu anali atabwera kale, ndipo tiyi ndinali nditaphika, anapempherera zitini za penti zimene zinali pakhonde. Bambo aja anatseka maso nafe limodzi, ndipo ameni wawo anamveka kuposa wa ena onse.

Kuyambira tsiku limenelo ndinawamana moni. Loya anali atandiletsa madzi, magetsi ndi chitseko, koma za moni sananene. M'mawa uliwonse ndikatuluka kukasesa, iwo ankati, "Sawubona, Mama," ine n'kumayang'ana tsache. Mmalawi aliyense akudziwa kulemera kwa zimenezi. Kwathu ngakhale amene munatukwanana dzulo umamufunsa mmene wadzukira. Amuna anga akabwera ku ulendo ankandidzudzula.

"Mayi, moni wokhawo mungammane munthu wamkulu ngati uja?"

"Muziwapatsa ndinu," ndinkatero. "Mwinanso muwalembe dzina pa mapepala a nyumba."

Ankangoseka n'kupita kuseri kukacheza nawo za mpira ndi za ku doko. Ine ndinkamenyetsa mapoto kukhitchini kuti onse awiri amve. Penti ija inakhala pakhonde mpaka zitini zinayamba dzimbiri m'mphepete, ndipo kutchalitchi anthu anasiya kundifunsa, zimene zinkandiwawa kuposa kufunsa.

Tinalowa chaka cha 2015 zinthu zili choncho. Pasaka atangodutsa, mzinda unatembenukira anthu obwera. Masitolo a anzathu m'tauni anatsekedwa, mafoni ankangolira ndi mauthenga akuti musadutse uku, kwakuti awotcha, akuti athawira ku polisi. M'matakisi tinameza Chichewa, foni ikalira tinkangoiyang'ana. Amuna anga zinawapeza ali kutali ndi lole, ndipo bwana wawo anawauza kuti aime komweko. Ana athu anali kusukulu kumudzi. M'nyumba ndinali ndekha ndi mabulangete.

Linali masana, dzuwa lili pamutu, pamene mayi woyandikana nafe anandiponyera mawu pa mpanda kuti anyamata akuyenda nyumba ndi nyumba mumsewu wakumtunda. Ndinakhoma zitseko, ndinatseka makatani, ndinakhala pansi pa zenera la pabalaza. Posakhalitsa ndinamva malikhweru, kenaka zitsulo zikumenya geti lathu. Ndinayesa kupemphera koma mawu ankangothera pa "Atate."

Ndiye ndinamva phazi lokoka la bambo aja likuchokera kuseri. Anadutsa pafupi ndi zenera langa pang'onopang'ono, osafulumira ngakhale pang'ono, mpaka kukafika pa geti. Chizulu ndinkachimva bwino ngakhale kuyankhula ndinkapunthwa, ndipo zenera linali lotsegula pang'ono.

"Nifunani emzini kamama?" anafunsa. Mukufunanji pakhomo pa amayi anga?

Wina anayankha kuti amva kuti pamenepa pakukhala makwerekwere, dzina limene amatitukwana nalo. Bambo aja anamufunsa kuti ndi mwana wa yani. Atatchula, iwo anati amawadziwa agogo ake, ndipo jakisoni woyamba amene mnyamatayo analira naye anamubaya ndi amayi awo, anamwino aja. Ena anaseka. Koma panali wina wa mawu okhuthala amene sanaseke.

"Baba, ife tabwera kudzakuthandizani. Msewu wonse ukudziwa kuti anthu amenewa anakutengerani ku khoti, akulandani nyumba. Tsegulani, lero lomwe mugona m'nyumba yaikulu."

Zimene ankanenazo sizinali zabodza kwenikweni. Geti linali ndi loko, ndipo kiyi wina anali naye iwo, chifukwa loya anandikaniza kusintha. Munthu amene ndinammana moni miyezi yonseyo ankangofunika kupisa dzanja m'thumba.

"Wandilanda ndani?" anatero. "Simukundiona ndili pano? Nkhani ili ku khoti lalikulu, ndipo majaji asanalankhule palibe amene akhudze ngakhale galasi limodzi la nyumba ino, kaya ndi iwo, kaya ndi inu. Mukawotcha, mwawotcha nyumba ya amayi anga."

"Nanga ali m'katiwo ndi ndani?"

"Ngama-tenant ami."

Matenanti anga. Iwo ankatanthauza anthu a lendi basi, monga amanenera kuno. Koma ine ndine mwana wa tenanti. Bambo anga analima fodya pa esiteti ina ku Kasungu moyo wawo wonse, munda wa eni, kanyumba ka udzu ka eni, ngakhale khasu la eni. Kusukulu tinkakhala kumbuyo, anzathu ankatinunkhiza zovala n'kumati ana a matenanti afika. Ndinachoka kwathu, ndinanyamula mitolo pamutu m'madepoti a mabasi, ndinagona pa simenti ku malire, zonsezo kuti mawu amenewo asadzanenedwenso pa ine. Lero ndi awa, pa geti langa, akuchokera kwa munthu amene khoti linanena kuti atuluke.

Mukhoza kuseka, koma ndinapsa mtima. Ndinadzuka pansi paja, dzanja langa linafika pa katani. Pakamwa panga panali patadzaza kale mawu akuti nyumba ino ndi yanga, mapepala ndili nawo. Kenaka chitsulo chinaliranso pa geti, ndinabwerera pansi. Ndinadzipeza ndikugwedeza mutu ndekhandekha m'chipinda chopanda munthu, ndikuvomereza ndi mtima wonse kuti inde, ndine tenanti wawo, Ambuye achititseni kuti akhulupirire. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti aakulu anali ati, a kupsa mtima kuja kapena a kuvomera kuja.

Anakangana kanthawi. Wa mawu okhuthala uja anatukwana, anati mdala wapenga. Koma bambo aja sanasunthe, ndipo pamapeto pake malikhweru anatsikira kumunsi kwa msewu. Phazi lokoka lija linabwerera. Litafika pa zenera langa linaima, chala chinagogoda pa galasi.

"Sebehambile, Mama." Apita.

Sindinayankhe. Ulendo uno sikunali kuwamana, mawu ndi amene anasowa.

M'mawa mwake ndine amene ndinayamba kupereka moni. Ndinawapititsira mpunga ndi nkhuku, ndinagwada monga timachitira kwathu, n'kuyamba kuthokoza. Anandidula. Anati ndisadzivute, iwo ankateteza nyumba ya amayi awo, chifukwa anyamata aja akayamba sasiyanitsa nyumba yaikulu ndi ya kuseri. Mwina ankanena zoona, mwina ankangofuna kundipeputsira katundu. Mbale anabweza yotsuka, ndipo za tsiku lija sanazitchulenso.

Mzinda utazizira, amuna anga anabwera, ndinawafotokozera zonse kupatula za katani. Tinapita kwa loya kukafunsa ngati tingathe kuimitsa mlandu. Anati apiluyo ndi ya bambo aja, si yathu, koma tikapambananso palibe amene adzatikakamize kuitana asherifu. Ine ndi amuna anga tinagwirizana kuti zikadzatero tidzawauza kuti akhale. Ndinavomera, ndipo ndinkatanthauza. Komabe ndikamadutsa kuseri kukataya madzi, maso anga ankayezabe khoma la chipinda chija, kuona pamene mashelefu angakhale.

Yankho linabwera chaka chikupita kumapeto, kunja kutayamba kutentha. Loya anaimba ali wosangalala. Khoti lalikulu linali litakana apilu, chigamulo chija chadzuka, bambo aja apatsidwa mwezi umodzi. Anadabwa kuti sindinakuwe.

Amuna anga ananyamuka ulendo tsiku lotsatira. Ali pakhomo anati, "Mayi, mukawauze ndinu. Nkhani ili pakati pa inu ndi iwo." Ndinayamba kukonza mawu m'Chizulu. Ndinkawayeseza ndikutsuka mbale, ndikusita, ndili m'takisi. Koma mawu aliwonse ankatuluka opindika. Munthu wamkulu umamuuza bwanji kuti ndakulolani mukhale pakhomo pa amayi anu? Ndikati mawa, mawa lake ndinkapeza kuti katundu wafika, kapena mutu ukundiwawa, kapena iwo ali ndi mlendo. Moni tinkapatsana bwinobwino, kufunsana za mwendo ndi za mvula. Sabata inatha, ina n'kuyamba.

M'mawa wina ndikumanga katundu wa ku Limbe pakhonde, anabwera okha. Anali atavala jekete ndi nsapato zopolisha. Anaima patali pang'ono, chipewa chili m'manja, n'kuloza zikwama zimene ndinkalongedzamo mabulangete, zikuluzikulu za pulasitiki zamizeremizere zija. Kuno amazitchula ndi maina a mitundu ya ife obwera, chifukwa ndife timaoneka nazo m'madepoti. Anafunsa ngati ndingawagawireko zitatu.

Nthawi yonena mawu aja inali imeneyo. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Zazikulu kapena zapakati?"

Anati zapakati zikwana.

Ndinawatsatira kuseri, koyamba kulowa m'chipinda chija. Bedi anali atalimasula kale, mipando iwiri ija anati apatsa mayi woyandikana nafe. Tinalongedza limodzi zovala, mapoto, wailesi, beseni, ndi chithunzi cha amayi awo atavala yunifolomu yoyera, chimene ndinachikulunga m'thaulo. Zipi za zikwama zimenezi sizichedwa kuphulika, choncho ndinakatenga singano yanga yaikulu ndi twaini n'kusoka kukamwa kwa chikwama chilichonse, mmene timachitira ndi katundu wodutsa malire. Ndinasoka mosamala kuposa mmene ndimasokera wanga. Manja ankagwira ntchito, mutu uli pansi, ndipo ndinkadziuza kuti ndikamaliza chikwama ichi ndinena.

Nditamaliza chachitatu ndinati, ndikuyang'ana twaini, "Baba, simukuyenera kufulumira chonchi."

"Majaji alankhula, Mama," anatero. "Ndinapempha kuti andimvere, andimvera. Sindidikira kuti asherifu adzanditulutse pamaso pa msewu umene amayi anga ankayendamo."

Ndinadziwa kuti zimene ndanenazo si zimene ndinatumidwa. Kusafulumira ndi kukhala n'zosiyana, ndipo iwonso anamva kusiyanako. Anadikira pang'ono, akundiyang'ana. Ine ndinaluma twaini n'kuidula.

Wamalonda aliyense akasoka chikwama amalemba pamwamba pake kumene chikupita, kuti chisasochere pa basi. Dzanja langa linapisa lokha m'thumba la epuloni n'kutulutsa cholembera chakuda chija. Ndinachotsa chivindikiro, ndinagwada pa chikwama choyamba.

"Ndilembe kuti zikupita kuti, Baba?"

Anayang'ana zikwama, anayang'ana kukhomo, anatembenuza chipewa m'manja.

"Yeka, Mama," anatero. "Angikazi." Siyani, sindinadziwebe.

Galimoto yonyamula katundu, ya bakki, imene anapangana nayo inali ikuliza kale hutala pa geti. Ndinawanyamulira zikwama zonse zitatu pamutu, chimodzichimodzi, zopanda cholembedwa chilichonse.